Kodi maso oona kukongola amaphunziridwa, kapena ndi obadwa nawo?

Kalata ya ulendo uno yachokera kwa mayi wina amene wapempha kuti dzina lake lisatchulidwe. Ndaifupikitsa pang'ono:

"Alangizi, ndine mayi wa zaka 43, wapabanja, wa ana atatu, ndipo ndili pa ntchito. Sindikudwala, m'banja mulibe mkangano, moti ndikawerenga mavuto amene anzanga amakulemberani ndimachita manyazi ndi langali. Koma masiku anga amangofanana ngati tsiku limodzi lalitali losatha. Ndili ndi mnzanga amene timayendera limodzi poweruka. Iyeyo amatha kungoima panjira n'kundigwira dzanja, amvekere, 'Taonani mitambo iyo!' Ine ndimayang'ana n'kuona mitambo basi, mumtima zii. Ndimangovomera kuti asakhumudwe. Ndili mwana sindinali chonchi, ndinkatha kugona chafufumimba n'kumaonerera nyerere mpaka kundiitana katatu. Kodi mnzangayu anabadwa ndi mphatso imene ine ndilibe? Kapena pali chimene chinafa mwa ine? Ngati chinafa, chingadzukenso?"

Mayi, musachite manyazi ndi funso lanuli. Pa zaka zimene ndakhala ndikuthandiza anthu pa nkhani za maganizo, dandaulo limeneli ndalimva kambirimbiri, kungoti ambiri amalinena pomaliza, atagwira kale chitseko, ngati kanthu kosafunika. Ndiyambe ndi kukukhazikani mtima pansi. Munthu amene chinthuchi chinaferatu mwa iye sasirira mnzake woima panjira, ndipo nyerere za paubwana sazikumbuka. Kusirira kumene muli nakoko kukusonyeza kuti moto ulipo, wangokwiririka ndi phulusa.

N'zoona kuti timabadwa osiyana. Ena mtima wawo umagwidwa msanga ndi nyimbo, mtundu kapena kuwala, ena mochedwerapo. Koma gawo lalikulu la zimene mnzanu amachita ndi chizolowezi, ndipo chizolowezi chimaphunziridwa. Tione kaye mmene chanu chinachokera.

Ubongo wathu ndi woumira. Sufuna kuwononga mphamvu pa chinthu chimene sichikusintha. N'chifukwa chake fungo la m'nyumba mwanu simulimva pamene mlendo amalimva akangolowa, zovala zimene zili pathupi lanu panopa simumazimva mpaka ndazitchulamu, ndipo kulira kwa firiji mumakuzindikira pamene kwasiya. Diso nalo limachita zomwezo. M'chaka cha 1804, dokotala wina wa ku Switzerland, Ignaz Troxler, anafotokoza kuti ukayang'anitsitsa kadontho kamodzi osasuntha maso, zinthu zosayenda zimene zili m'mbali zimayamba kuzimiririka pakangopita masekondi angapo. Zilipo ndithu, koma ubongo wasiya kukuuza za izo. Zimene Troxler anaona zikuchitika m'masekondi, moyo umazichita m'zaka. Njira imene mwadutsa kosawerengeka, mtengo wa pakhomo, ngakhale nkhope ya amuna anu, zonse zimazimiririka chimodzimodzi.

Chachiwiri, chimene ine ndimachiona kuti n'chachikulu, ndi dzina. Mwana wamng'ono akaona nyerere sadziwa zambiri za iyo, ndiye amayang'ana: timiyendo, kachiuno kowonda, mmene ziwiri zimagundanitsira mitu zikakumana panjira. Wamkulu amangoti "nyerere" n'kupitirira. Dzina likafika, kuyang'ana kumatha. Mwalemba kuti "n'kuona mitambo basi," ndipo "basi" ameneyo ndi amene ndamugwira. Mitambo ija simunaione, Mayi, munangoitchula dzina. Wina akanakufunsani kuti kunsi kwake kunali kwa mtundu wanji, m'mphepete mwake munali mosalala kapena monyenyeka, inkalowera kuti, ndikukayika ngati mukanayankha. Mumtima munali zii chifukwa palibe chimene chinakafikamo.

Timadzinamiza kuti timaona zonse zimene zili patsogolo pathu. Tambasulani mkono muyang'ane chikhadabo cha chala chachikulu. Malo amene chikuphimbawo ndi pafupifupi okhawo amene diso limaona bwinobwino pa nthawi imodzi. Maso amadumphadumpha pafupifupi katatu pa sekondi iliyonse, ubongo n'kumasoka tizidutswato ndi kudzaza mipata ndi zimene unkayembekezera kale. Kumene maso adumphire kumadalira chimene mukufunafuna. Mu 1999, Daniel Simons ndi Christopher Chabris, ali ku yunivesite ya Harvard, anaonetsa anthu kavidiyo ka achinyamata akupatsirana mpira, n'kuwauza kuti awerenge kuti timu ina yapatsirana kangati. Masewero ali mkati, munthu wovala ngati chinyani chachikulu cha gorilla anadutsa pakati pawo. Pafupifupi theka la oonerawo sanamuone. Maso anali tong'o, koma anali pa ntchito ina. Mayi wa ana atatu amenenso ali pa ntchito amakhala akuwerenga mpira tsiku lonse: nthawi, ngongole, mwana amene akutsokomola, zimene abwana ananena. Mitambo ingapeze malo pati?

Pali nkhani ina imene ndimakonda kufotokozera anthu odziimba mlandu ngati inu. Mu January 2007, Joshua Bell, mmodzi mwa oimba vayolini otchuka kwambiri padziko lonse, anavala zovala wamba n'kukaima pakhomo la siteshoni ya sitima zapansi panthaka ya L'Enfant Plaza mumzinda wa Washington, m'mawa anthu akuthamangira ku ntchito. Anaimba kwa mphindi zoposa 40 pa vayolini ya mtundu wotchuka wa Stradivarius yopangidwa mu 1713. Masiku atatu m'mbuyomo anali atadzaza holo yaikulu ku Boston. Pa anthu 1,097 amene anadutsa, amene anaima kumvetsera anali 7, ndipo ndalama zimene anam'ponyera zinangopitirira pang'ono madola 32. Nyuzipepala ya Washington Post, imene inakonza zimenezi, inalembanso kuti ana amene ankadutsa ankafuna kuima, makolo awo n'kumawakoka. Ambiri amaifotokoza nkhaniyi ponyoza anthu odutsawo. Ine sindiwanyoza. Anali atachedwa, ndipo palibe amene anawauza kuti pakhomo pa siteshoni pangakhale choti n'kumvetsera. Chimene ndimaphunzirapo n'chakuti kukongola kukabwera popanda chikwangwani, munthu wotanganidwa amakudutsa, kaya akhale wamtima wabwino chotani.

Onjezanipo maganizo oyendayenda. Mu 2010, Matthew Killingsworth ndi Daniel Gilbert anafunsa anthu 2,250 kudzera pa mafoni awo, pa nthawi zosiyanasiyana za tsiku, chimene ankachita ndi chimene ankaganiza. Pafupifupi maulendo 47 pa 100 alionse, maganizo a anthuwo anali kwina. Thupi lili panjira, mutu uli pa msonkhano wa mawa. Kenako kutopa, kenako foni, imene yalanda timipata tonse timene kale maso ankangoyendayenda okha: podikira basi, pamzere, madzi akuwira.

Tsopano chochita. Ndikupatsani lamulo limodzi, ndipo zina zonse zimene ndinene zikutsamira pa limeneli: ntchito yanu ndi kuyang'ana, kumva kukoma mumtima si ntchito yanu. Zili ngati tulo. Mungayale pogona, kuzimitsa nyale ndi kugona pansi, koma tulo simungatilamule, ndipo mukamadzifunsa kuti "kodi ndagona?" m'pamene timathawira kutali. Anthu ambiri amene ndawathandiza amalephera pomwepa. Amaima patsogolo pa duwa n'kumadzifufuza m'kati ngati akumva kanthu, ndiye kuti maso achoka pa duwa apita pa iwo eni. Siyani mtima uchite zake pa nthawi yake. Inu funsani mafunso amene maso angayankhe: ndi mtundu wanji kwenikweni? Kuwala kukuchokera mbali iti? Mzerewu ukuthera pati?

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mwambiwu ndi woona ngakhale osauphiphiritsa. Nkhono ya pamtunda ili ndi tinyanga tinayi, maso ake ali kunsonga kwa tiwiri titalitali ta pamwamba, ndipo ukangoigwedeza imatibweza m'kati. Uyenera kukhala phee mpaka itatulutsanso. Zinthu zambiri zili ngati nkhono. Ofufuza ena anayeza nthawi imene anthu amaima pa chithunzi chimodzi ku Metropolitan Museum of Art, nyumba yoonetsera zojambulajambula ya ku New York, ndipo m'lipoti lawo la 2001 anapeza kuti ndi masekondi pafupifupi 27. Amenewotu ndi anthu amene anachita kunyamuka kwawo kudzaona zithunzi. Jennifer Roberts, mphunzitsi wa mbiri ya zojambulajambula ku Harvard, amauza ophunzira ake kuti akhale patsogolo pa chojambula chimodzi maola atatu athunthu asanayambe kufufuza za icho. Mwiniwakeyo anafotokoza kuti pa chithunzi cha mnyamata ndi gologolo chimene John Singleton Copley anajambula mu 1765, zinam'tengera mphindi 9 kuti aone kuti khutu la mnyamatayo likufanana kapangidwe ndi mzere wa ubweya wa m'mbali mwa mimba ya gologoloyo. Katswiri ameneyo, mphindi 9.

Inu maola atatu mulibe, ndipo sindingakupempheni. Ndikupempha mphindi zisanu. Sankhani chinthu chimodzi chosachititsa chidwi n'komwe: tsamba louma, mwala, kapu yong'aluka, dzanja lanu lomwe. Tcherani wotchi kuti musamangoyang'ana nthawi. Ndikuuziretu mmene zidzayendere, chifukwa pafupifupi aliyense amadutsa njira yomweyi. Mphindi yoyamba mudzatchula zimene mukuzidziwa kale. Mphindi yachiwiri mudzaona ngati mwamaliza, mudzaboweka, ndipo mawu ena m'mutu adzakuuzani kuti munthu wamkulu sachita zoterezi zovala zili zosachapa. Ambiri amasiyira pamenepo, pamene nkhono yatsala pang'ono kutulutsa tinyanga. Mukapirira, chinachake chimatulukira. Tsamba lija limene mumati ndi lofiirira mumapeza kuti lili ndi mitundu inayi, mitsempha yake sikufanana mbali ziwirizo, ndipo pali kabowo kamene kachirombo kanadya n'kusiya m'mphepete mwakuda. Mwina mtima udzagunda, mwina ayi. Sabata yoyamba nthawi zambiri sugunda. Pitirizani.

Njira yachangu kuposa zonse imene ndikuidziwa ndi kujambula ndi pensulo, ndipo musandiuze kuti simutha, chifukwa kutha kulibe ntchito pano. John Ruskin, wolemba mabuku wa ku England, anayamba kuphunzitsa kujambula mu 1854 pa Working Men's College ku London, sukulu ya anthu ogwira ntchito zamanja, ndipo ankanena kuti cholinga chake sichinali kusandutsa kalipentala kukhala katswiri wojambula, ankafuna kuti akhale kalipentala wosangalala. Pensulo ndi yankhanza: siilola dzina. Simungajambule "kapu." Muyenera kuona kuti chogwirira chake chikuyambira pati, ndi kuti kukamwa kwake, kumene mukudziwa kuti n'kozungulira, kuchokera pamene mwakhalapo kukuoneka kophwatalala ngati dzira. Mukamaliza, pepalalo mukhoza kulitaya.

Anthu ena amaopa kuti kudziwa zambiri kumapha kukongola. Ine ndaona kuti kumakuwonjezera, bola chimene mwadziwacho chikubwezereni kukayang'ananso. Ndikupatseni zitsanzo zitatu zoti mukazitsimikizire nokha. Dzuwa likamawala, yang'anani pansi pa mtengo wamasamba ambiri. Timadontho ta kuwala timene tili pansipo tambiri mwa ito ndi tozungulira, ngakhale mipata ya pakati pa masamba ndi yokhotakhota. Chifukwa chake n'chakuti kampata kalikonse kakugwira ntchito ngati kamera, ndipo kadontho kalikonse ndi chithunzi cha dzuwa lenilenilo. Pa nthawi ya kadamsana timadonthoti timasanduka timiyezi tating'onoting'ono. Chachiwiri, mwezi ukangooneka kumene uli kachidutswa kowonda, yang'anitsitsani mbali yake yamdima. Mudzaona kuti ikuwala mozimiririka. Kumeneko ndi kuwala kwa dzuwa kumene kwagunda dziko lathu, kukafika kumwezi, n'kubwereranso m'maso mwanu, ndipo Leonardo da Vinci, katswiri wojambula wa ku Italy, anafotokoza zimenezi zaka zoposa 500 zapitazo. Chachitatu, madzulo dzuwa likapendeka, yang'anani mthunzi pa khoma loyera. Tonse timati mthunzi ndi wakuda. Uwu mudzaupeza ukupendekera ku mtundu wa thambo, chifukwa pamene dzuwa silikufika, thambo ndi limene likuwalitsapo. Munthu akaona zimenezi kamodzi, sasiyanso kuziona.

Musathamangire malo atsopano. Ulendo umatsegula maso, inde, koma amatsekekanso mukangobwerera. Claude Monet, katswiri wojambula wa ku France, anajambula kumaso kwa tchalitchi chachikulu cha ku Rouen maulendo oposa 30 pakati pa 1892 ndi 1894, chifukwa m'mawa, masana, pa chifunga ndi pa dzuwa lamadzulo, mwala womwewo unkasintha mtundu. Sankhani chinthu chimodzi chimene mumachidutsa tsiku lililonse poweruka, kaya mtengo kaya khoma, chikhale chanu kwa mwezi wathunthu. Tsiku lililonse chipatseni masekondi 20 ndi funso limodzi: lero chasiyana pati ndi dzulo?

Ndipo musaganize kuti kukongola kumalowera m'maso mokha, kapena kuti kumakhala m'maluwa ndi m'mitambo mokha. Ndinathandizapo bambo wina wokonza magalimoto amene anandiuza mosabisa kuti zamaluwazo n'za anthu opanda zochita. Nditam'funsa mmene amadziwira kuti injini yakonzeka bwino, anakhala mphindi khumi akufotokoza kalilidwe kake, akuyerekezera ndi pakamwa, nkhope ikuwala. Luso limene ankati alibe anali nalo lonse, linangokhala kuti limalowera kukhutu. Tinayambira pamenepo. Inunso dzifunseni kuti ndi pati pamene mumaona kale zimene ena saziona. Mwina ndi msoko wowongoka bwino, mwina mawu a mwana wanu wamng'ono akamalankhula yekha, mwina manja a munthu amene amaidziwa ntchito yake. Khomo lanu lili pamenepo. Yesaninso kutsinzina kwa mphindi imodzi n'kuwerenga mawu amene mukumva, kuyambira akutali kwambiri mpaka kupuma kwanu.

Akuluakulu amatichenjeza kuti chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Pa nkhani ya anthu ndi malonda, amvereni. Koma pa nkhani yathu ino, inu amene munkagona chafufumimba, itseguleni nkhuyuyo muonererenso nyererezo. Dzimbiri pa chitsulo, makwinya a munthu wokalamba, mafuta oyandama pa chithaphwi, zonsezi zili ndi zoti n'kuona. Mukamangodikira zinthu zosalala ngati za pa kalendala, mudikira nthawi yaitali.

Usiku musanagone lembani m'kabuku mzere umodzi wa chimene mwaona tsikulo. Ndikuletsani mawu awiri: "chokongola" ndi "chabwino." Amenewo ndi mayina enanso otseka maso. M'malo molemba kuti "kunja kunali kokongola," lembani kuti "madontho a mvula anatsalira pa waya, lililonse lili ndi kachithunzi ka nyumba kozondoka." Phindu lenileni la kabukuka limabwera masana, chifukwa munthu amene akudziwa kuti usiku ayenera kulemba kanthu amayamba kusakasaka.

Mwina mukufunsa ngati zonsezi si kutaya nthawi chabe. Mu 1984 wofufuza wina, Roger Ulrich, anafalitsa zimene anapeza m'mafayilo a odwala 46 amene anachitidwa opaleshoni ya ndulu pa chipatala china ku Pennsylvania. Theka anagona m'zipinda zimene windo lake linkaonetsa mitengo, theka linalo ankaona khoma la njerwa. Oona mitengo anatuluka msanga ndi pafupifupi tsiku limodzi, ndipo anafuna mankhwala amphamvu opha ululu ochepa. Mu 2020 Virginia Sturm ndi anzake ku University of California, San Francisco, anauza magulu awiri a okalamba kuti aziyenda mphindi 15 kamodzi pa sabata kwa masabata 8. Gulu limodzi lokha analiuza kuti poyendapo liziyang'ana zinthu ngati likuziona koyamba ndi kufunafuna zodabwitsa. Gululi linanena kuti linkamva kuthokoza ndi chifundo kwambiri kuposa linzake. Chimene chimandiseketsa n'chakuti pa zithunzi zimene ankadzijambula okha, m'kupita kwa masabata iwo ankachepa m'chithunzimo, malo owazungulira n'kumakula, kumwetulira n'kumakulanso. Kafukufuku ameneyu anali wa anthu ochepa, ndiye sindikunena kuti ndi mankhwala. Ndikungonena kuti mphindi zisanu zija sizitayika.

Pali misampha ingapo. Woyamba ndi kamera. Linda Henkel wa ku Fairfield University anapeza kuti anthu amene ankajambula zinthu m'nyumba yoonetsera zojambulajambula ankazikumbuka mochepa kuposa zimene anangoziyang'ana, kupatula pamene anachita kuyandikitsa kamera pa kambali kena ka chinthucho. Sindikukuletsani kujambula, koma pumani kakhumi mukuyang'ana musanatulutse foni, ndipo zina muzizisiya osajambula. Wachiwiri ndi kusandutsa zimenezi ntchito inanso yoti muzidziimba nayo mlandu mukaiwala. Mukadumpha masiku atatu, yambirani pa lachinayi, nkhani yatha. Wachitatu ndi woopsa kwambiri: kugwiritsa ntchito kukongola ngati bulangete lofundira mavuto. Ngati ntchito ikukuperani, ngati katundu wa pakhomo wakuunjikirani nokha, kulowa kwa dzuwa sikungakonze zimenezo. Nthawi zina mayi amene sakuona mitambo amangofunika tulo tokwanira ndi munthu wom'landira mtolo, ndipo zimenezo n'zofunika kukambirana ndi a kunyumba kwanu. Ndi zodziwikiratu koma ndinenebe: musamachite zimenezi mukuyendetsa galimoto kapena powoloka msewu, ndipo dzuwa lenilenilo musamaliyang'ane mwachindunji.

Tsopano mbali imene ndikufuna muiwerenge mofatsa. Mwanena kuti simukudwala, ndipo mwina n'zoona. Koma mawu akuti "mumtima zii" ndi "tsiku limodzi lalitali" ndimawamvanso kwa anthu amene vuto lawo ndi loposa chizolowezi. Dzifunseni moona mtima: kodi ndi mitambo yokha, kapena zonse zazirala? Chakudya chimene munkachikonda chikukomabe? Nyimbo ikukugwiranibe? Ana akamaseka mumasekabe nawo kuchokera pansi pa mtima? Mumayembekezera kalikonse mwachidwi? Ngati zina zikukomabe, ndiye kuti ndi phulusa lija, ndipo zimene ndalembazi zikuthandizani. Ngati zonse zazirala, vutoli lili ndi dzina. Katswiri wa ku France, Théodule Ribot, analitcha anhedonia mu 1896, kutanthauza kulephera kumva kukoma kwa zinthu, ndipo ndi chimodzi mwa zizindikiro ziwiri zikuluzikulu za matenda ovutika maganizo. Munthu akhoza kukhala nawo matendawa osalira ngakhale kamodzi, akupita kuntchito ndi kusamalira ana bwinobwino.

Kaonaneni ndi dokotala kapena mlangizi wa za maganizo ngati kuziralaku kwatha masabata awiri kapena kuposerapo, pafupifupi tsiku lililonse, makamaka ngati kukubwera limodzi ndi kusowa tulo kapena kugona kwambiri, kusintha kwa kadyedwe, kutopa kosatha, kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, kapena kudziona wachabechabe. Kumeneko pemphani akuyezeninso m'thupi, chifukwa kuchepa kwa magazi ndi vuto la chithokomiro zimatha kubweretsa zofanana ndi zimenezi, ndipo pa msinkhu wanu kusintha kwa thupi kumene kumayamba mayi asanasiye kusamba kumasokoneza tulo ndi maganizo. Mankhwala ena, kuphatikizapo ena ochiza kuvutika maganizo komweko, amaziziritsa mtima. Ngati mukumwa alionse atchuleni kwa dokotala, koma musawasiye panokha. Ngati kuziralaku kunayamba pambuyo pa imfa ya wachibale, ngozi kapena nkhanza, nenaninso, chifukwa mtima umatha kudzitsekera pothawa ululu, n'kutsekera limodzi ndi chisangalalo. Ndipo ngati maganizo akuti bola kufa, kapena ofuna kudzivulaza, akubwera ngakhale mwa apo ndi apo, musadikire masabata awiriwo. Uzani munthu amene mumam'khulupirira lero lomwe ndipo mupite kuchipatala. Kanthu kena kakang'ono: munthu akapitirira zaka 40 maso amayamba kuvutika kuona zapafupi, ndiye ngati mwayamba kutalikitsa foni kuti muwerenge, kayezetseni maso. Ndaonapo anthu amene magalasi okha anawabwezera mitsempha ya tsamba.

Ponena za mnzanu uja, siyani kungovomera kuti asakhumudwe. Ulendo wina akadzakugwirani dzanja, m'funseni kuti, "Mukuona chiyani kwenikweni? Tandisonyezani." Mwina adzakulozerani kamzere kowala m'mphepete mwa mtambo umodzi, kapena malo amene kufiira kukusanduka kotuwa, ndipo mudzadziwa poyang'ana. Anthu ngati iyeyo amasangalala kwambiri akafunsidwa funso limeneli, moti mukhoza kufika kunyumba mochedwerapo. Tsiku lotsatira ikhale nthawi yanu yom'sonyeza kanthu, ngakhale katakhala mzere wa nyerere m'mbali mwa njira.